Dziko Likupsa, Iwe Ukusankha Mwamuna?

Pali mabuku amene munthu amawerenga poyera mu minibasi, chikuto chikuonekera kwa aliyense. Ndiye pali ena amene timawerengera pa foni, kuwala titachepetsa, chala chili tcheru kuti wina akangosuzumira tithawire pa WhatsApp. Lero ndikufuna tikambirane za gulu lachiwirili. Eni ake amawatchula kuti dystopian romance, ndipo amalembera achinyamata. Maphikidwe ake savuta: tenga dziko la m'tsogolo lomwe boma lake ndi lankhanza, ikamo mtsikana wa zaka 16 kapena 17, um'patse anyamata awiri oti asankhepo, kenako yatsa moto. Ndichenjezeretu, ndiulula mathero a mabuku angapo. Amene simunawamalize musadzati sindinanene.

Kuno ku Matawale mabukuwa safika kudzera m'sitolo. Amabwera ngati PDF yomwe wina anatumiziridwa ndi wina, kapena ngati buku lothothoka chikuto lomwe wapeza pa mulu wa mabuku akale mu tauni. Nkhani zake zimachitikira ku America wa m'tsogolo, koma woziwerenga ali pa khonde, magetsi atazima, batire ili pa 9 peresenti, udzudzu ukumulira m'khutu. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikubwereketsa mabukuwa kwa abale ndi anzanga. Chimene chimandikoka kwambiri masiku ano ndi zimene anthuwa amanena akamaliza, chifukwa buku limodzi lomwelo limabwerera kwa ine litasanduka mabuku anayi osiyana.

Kwa amene simunaliwerenge, lomwe linatsegula njira ndi The Hunger Games la Suzanne Collins, lomwe linatuluka mu 2008. Dziko lake ndi Panem. Likulu, Capitol, limadya mpaka kusanza, pomwe zigawo 12 zimalilimira, kulikumbira malasha ndi kuliwombera nsalu. Chaka chilichonse chigawo chilichonse chimapereka mnyamata ndi mtsikana a zaka za pakati pa 12 ndi 18, osankhidwa mwa mayere. Ana 24 amenewa amaponyedwa m'bwalo kuti aphane mpaka patatsala mmodzi, dziko lonse likuonera pa TV. Katniss Everdeen, wa zaka 16, amadzipereka m'malo mwa mng'ono wake Prim. Amapita limodzi ndi Peeta, mwana wa wophika buledi, n'kusiya kumudzi Gale, mnzake amene amasaka naye nyama m'nkhalango yoletsedwa.

Bukuli litayenda malonda, anzake anatuluka ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Mu Matched la Ally Condie, la 2010, boma ndilo limakusankhira womanga naye banja ukakwanitsa zaka 17, ndipo linasunga ndakatulo 100 ndi nyimbo 100 zokha zoti anthu azidziwa. Mu Delirium la Lauren Oliver, la 2011, chikondi amachiyesa matenda, ndipo ukafika zaka 18 amakuchita opaleshoni kuti uchire. Mu Divergent la Veronica Roth, la chaka chomwecho, anthu a mu Chicago anagawidwa m'magulu 5, ndipo mwana akasankha gulu losiyana ndi la makolo ake, ndiye kuti wasiyana nawo basi.

Woyamba kundibwezera buku ndi nkhope yonyansidwa anali msuweni wanga. Iyeyu anaphunzira pa Chanco, ndipo ndi mmodzi wa anthu aja amene akati "ndawerenga" amatanthauza Orwell, Achebe ndi Ngugi. The Hunger Games analimaliza m'masiku awiri, zomwe mpaka lero amakana kuti zikutanthauza kanthu.

"Aise, tandiuza," anatero. "Ana akuphedwa pa TV, anthu akufa ndi njala, ndiye mtsikana wakoyu ali bize kuganiza kuti apsompsone uti? Dziko likupsa, iwe ukusankha mwamuna?"

Kwa iye chikondi cha m'mabukuwa ndi shuga yemwe amathira m'mankhwala owawa kuti ana ameze. Vuto, akuti, shugayo anachuluka mpaka mankhwala anasiya kugwira ntchito.

Mfundo yake ili ndi pogwira. Collins mwini wake ananena kuti ganizo la bukuli linamubwerera akusinthasintha matchanelo a TV, uku achinyamata akupikisana pa pulogalamu ya zisangalalo, uku zithunzi za nkhondo ya ku Iraq, mpaka ziwirizi zinayamba kusakanikirana m'maso mwake. Ndiye kuti phata la nkhaniyi ndi nkhondo. Komanso asilikali atalanda boma ku Thailand mu 2014, achinyamata otsutsa anayamba kukweza zala zitatu m'mwamba monga amachitira anthu a m'zigawo za Panem, ndipo ena anagwidwa chifukwa cha zimenezo. Ku Myanmar mu 2021 zinachitikanso. Chimene anatola m'bukumo ndi zala zitatuzo, za kupsompsonana anazisiya momwemo.

Koma ndikamvetsera owerenga ena a kuno, makamaka atsikana, ndimamva chinthu chimene msuweni wangayo chinamudutsa.

Filimu yake itatuluka mu 2012, owerenga a kunja anagawikana, ena timu ya Peeta, ena timu ya Gale. Mkangano umenewu unafika kuno mochedwa, ndipo utafika unasanduka wa chakudya. Mng'ono wanga anawerenga bukuli ali Fomu 3. Nditamufunsa kuti ali mbali iti, anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti dzuwa limatulukira kuti.

"Achemwali, pali mkangano apa? Uyu anam'patsa buledi."

Ankanena za nthawi ija Katniss ali ndi zaka 11, bambo ake atafera mu mgodi, mayi ake atangokhala duu ndi chisoni, iye akufufuza m'mabini mvula ikugwa. Peeta anapsereza buledi mwadala, mayi ake n'kumumenya, kenako anam'ponyera Katniss buledi uja m'malo mopatsa nkhumba. Kwa mng'ono wanga nkhani ya chikondi inathera pomwepo. Munthu amene analola kumenyedwa kuti iwe ugone utadya, ukufunanso umboni wanji?

Mnzanga wina sagwirizana nazo n'pang'ono pomwe. Iyeyu anakulira m'munsi mwa phiri la Zomba, ndipo wakhala akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu kuyambira ali Sitandade 4. Buledi wa tsiku limodzi, akuti, ndi mphatso ya mwana wa kwa bwana. Gale ndi munthu amene mumakwera naye phiri m'bandakucha, mumabisala limodzi mukamva mapazi a alonda a nkhalango, pobwera mumagawana zimene mwapeza popanda wina kunena zikomo. "Amene amakudyetsa ndi wina, amene mumavutika naye ndi wina," anatero. Awiriwa anakanganapo madzulo ena mpaka nsima kuzizira, ndipo palibe amene anatchulapo kuti mnyamata wooneka bwino ndi uti.

Pali zinthu ziwiri m'bukuli zimene owerenga a kuno sazidumpha. Choyamba ndi mayere aja. Ku Panem mwana wosauka atha kulandira tirigu ndi mafuta a chaka chonse a munthu mmodzi, bola dzina lake lilowe m'mayere kowonjezera. Ndi chifukwa chake dzina la Katniss linalimo ka 20, la Gale ka 42. Mayere ndi a onse, inde, koma amene amagwidwa kawirikawiri ndi wanjala. Chachiwiri ndi za m'phanga. Katniss ali m'bwalo muja, Peeta atavulala, amazindikira kuti anthu olemera amene akuonera amatumiza mphatso akasangalatsidwa. Amam'psompsona Peeta, ndipo posakhalitsa kam'phika ka msuzi kamatsika ndi parachuti. Kuyambira pamenepo amadziwa mtengo wa msuzi. Chowawa n'chakuti iye mwini amafika posadziwa kuti m'zimene akuchitazo, zoona ndi ziti, za makamera ndi ziti.

Mtsikana wina amene tinkakhala naye moyandikana, nthawi imeneyo ali pa koleji, anafika pa gawo limeneli n'kuzimitsa foni. Patapita masiku ndi pomwe anandiuza chifukwa chake, tikuchapa.

"Mukuti iyi ndi nkhani ya m'tsogolo? Ine ndikudziwa atsikana amene amamwetulira bambo wa galimoto chifukwa fizi yatsala sabata imodzi, lendi sinalipidwe, kunyumba akudikira kuti atumize kenakake. Ndipo bamboyo mwina ndi wachifundo ndithu. Ukafunsa mtsikanayo kuti umam'konda, sanganame, sanganenenso zoona. Sadziwa pamene chikondi chathera ndi pamene njala yayambira."

Sindinamufunse ngati ankanena za anzake kapena za iye mwini. Anamaliza mabuku atatu onse, ndipo Katniss samutchula kuti ngwazi. Amangoti "mtsikana uja". Pamene msuweni wanga anaona shuga, iyeyu anapeza kuti m'pamene pali kuwawa kwenikweni.

Koma amene anandisokoneza mutu kuposa onse sanawerengepo n'limodzi lomwe. Azakhali anga anali mtsikana m'zaka za m'ma 1980. M'masiku awo ankawerenga Pacesetters ndi Mills & Boon, koma za pa foni amati zilembo zake n'zoyenera nyerere. Tsiku lina tikusankha nyemba pa lichero ndinawafotokozera Matched: boma losankhira anthu ndakatulo, mtsikana Cassia wolandira ndakatulo zoletsedwa kwa agogo ake n'kuziloweza pamtima chifukwa pepala silingasungike, chibwenzi chongonong'onezana. Ndinkayembekezera kuti aseka. Anapitiriza kusankha nyemba.

"Ndiye chodabwitsa chili pati, mwanawe?"

"Azakhali, boma likusankhireni zowerenga?"

"Iwe ukuganiza kuti ife tinkadzisankhira tokha?"

Zimene ankanenazo zili m'mbiri, ndipo ambirife tinazilowezapo pokonzekera mayeso. Lamulo la 1968 linakhazikitsa Censorship Board, yomwe inkaunika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, kuletsa zina, kudula zina. Zigawo za mafilimu zoonetsa anthu akupsompsonana zinkadulidwa. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wa moyo wake wonse. Lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo amuna sankaloledwa kuweta tsitsi lalitali. Kulowa mu msika kapena kukwera basi, ankatha kukufunsa khadi la chipani. Zonsezi ndinkazidziwa ngati mayankho a mafunso a History. Ndinali ndisanazionepo ngati moyo wa mtsikana wa zaka 17 amene mtima wake wagunda chifukwa cha mnyamata wina wa kutchalitchi.

Taganiziraninso izi. Kamuzu ankadziwika kuti Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi a m'dziko muno anali mbumba yake. Nkhoswe timaidziwa tonse: ndi munthu amene ukwati suyamba iye kulibe, amene amaima pakati pa iwe ndi mwamuna wako, amene mukayambana mumathamangira kwa iye. Ally Condie anachita kukhala pansi n'kupeka boma lolowa mpaka m'nkhani za ukwati. Kuno mtsogoleri anangotola mawu amene tinali nawo kale m'nyumba zathu n'kuwavala. Alipo amayi achikulire amene amati udindo umenewo unkawateteza kwa amuna ankhanza. Alipo ena amene amakumbukira kusiya ana ndi ntchito kuti akavine. Onsewo akuvomerezana pa chinthu chimodzi: boma linali m'nyumba.

Azakhali atamaliza nyemba ndi pomwe ananena zimene sindizaiwala.

"Ankolo akowa tinakhala pa chibwenzi zaka ziwiri ndisanawauzepo zimene ndinkaganiza za dziko. Sikuti ndinkawakayikira. Kungoti sunkadziwa. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Ndiye tsiku lina tikuchokera mu tauni wapansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza nthabwala ina ya zandale. Nthabwala yake yosaseketsanso bwino. Koma ine tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti munthuyu andikwatiradi. Anandipatsa khosi lawo m'manja."

Anthu awa akhala m'banja zaka zoposa 30. Ndawaona akukangana za mchere, za ndalama ya magetsi, za amene anasiya geti yosatseka. Nkhani ya nthabwalayi inatuluka chifukwa cha buku la ku America lomwe msuweni wanga amati ndi la ana.

Musaganize kuti azakhali ndi munthu wa mkwiyo ndi nthawi imeneyo. Pakamwa pomwepo amanenanso kuti kale kwacha inali ndi mphamvu, tauni ya Zomba inali yaukhondo, unkayenda usiku osaopa mbava. Zonse ziwiri amazinena osaona kuti zikutsutsana. Apa ndi pamene mabuku aja amaperewera. Mwa iwo woipa amadziwika kuyambira tsamba loyamba, ndipo sumapeza mayi wabwinobwino wa m'chigawo amene amati koma nthawi ija shuga anali wotchipa. Ife anthu oterowo timadya nawo m'mbale imodzi.

Zitatero ndinayamba kuiona Zomba ndi maso ena. Ndende ya Mikuyu ili kunja pang'ono kwa tauni yathuyi. Jack Mapanje, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, anamangidwa muno mu Zomba pa 25 September 1987, ndipo anakhala ku Mikuyu mpaka May 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse m'khoti. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, la 1981, linali litachotsedwa kale m'masitolo ndi m'masukulu. Dziko limene ndakatulo imatha kum'tsekeretsa munthu sitifunika kulipeka ayi. Tikukwera kabaza m'misewu yake.

Ndipo ngati mukufuna nkhani ya anthu awiri okondana pansi pa ulamuliro wankhanza, ili pa ndende yaikulu ija ya mu tauni, yomwe timaidutsa popita ku Blantyre. Orton Chirwa anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party pamene inkakhazikitsidwa mu 1959, ndipo anadzakhala nduna ya zachilungamo. Mkazi wake, Vera Chirwa, ndi mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Anakwatirana mu 1951. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, banjali linathawira ku Tanzania. Mu December 1981 anagwidwa, ndipo iwo ananena kuti anachita kubedwa ali kum'mawa kwa Zambia. Khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983 pa mlandu woukira boma, chilango chomwe chinasinthidwa mu 1984 kukhala ndende ya moyo wonse.

Anaikidwa m'ndende imodzi, muno mu Zomba, koma osaloledwa kuonana. Mwamuna ndi mkazi wake, mpanda umodzi, mvula imodzi ikugwa pa madenga awo, zaka 8. Anadzaonana mu 1992, gulu la maloya a ku Britain litaloledwa kuwayendera. Patangopita masabata ochepa, pa 20 October 1992, Orton anamwalira m'ndendemo. Vera sanaloledwe kupita ku maliro. Anatulutsidwa mu January 1993, miyezi yochepa dziko lisanavote pa referendamu ya pa 14 June. Panalibe parachuti yotsika ndi msuzi, panalibenso woonera pa TV, chifukwa nthawi imeneyo Malawi analibe n'komwe wayilesi ya kanema yakeyake.

Funso limene ndimam'funsa msuweni wanga ndi ili: boma linkaopa chiyani? Anthu awiri okalamba, otsekeredwa kale, opanda mfuti, opanda msonkhano. Kuwalola kukhala pa benchi imodzi kwa ola limodzi pa mwezi kukanagwetsa ndani? Ine ndimaona kuti ulamuliro wotere sukhutira ndi misewu ndi maofesi. Umafuna kuti aliyense akhale yekha, aziopa mnzake, azimeza mawu. Anthu awiri okhulupirirana kotheratu ali ngati chipinda chimene boma lilibe kiyi wake. N'chifukwa chake limayesetsa kuchithyola. Collins anazidziwa zimenezi. Mu Mockingjay, la 2010, President Snow atagwira Peeta sanamuphe. Anasokoneza zimene amakumbukira, mpaka mnyamata wa buledi uja atamuonanso Katniss anam'gwira pakhosi. Snow anadziwa pomenya. Ndiye mtsikana wa m'buku akamadzifunsa kuti ndikhulupirire uti, dziko likupsa, funso lakelo ndi la moto womwewo.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse cha m'mabukuwa ndimachilandira ndi manja awiri. Mng'ono wanga uja masiku ano wagwa m'chikondi ndi Shatter Me la Tahereh Mafi, la 2011, lomwe linatchukanso chifukwa cha TikTok. M'menemo Warner, mnyamata amene poyamba amasunga Juliette ngati mkaidi, ndi amene m'mabuku otsatira amasanduka wokondedwa. Mng'ono wanga akuti sindikumvetsa, Warner anakulira m'mavuto, bambo ake ndi chilombo, m'kati mwake ndi munthu wabwino. Mawu amenewa ndawamvapo kwina. Ndawamva kwa amayi akuluakulu atakhala pa mkeka, diso litatupa, akufotokozera ankhoswe chifukwa chimene sangachoke. Buku sindinamulande, chifukwa wolanda mabuku tamudziwa kale kuti amakhala ndani. Timangokangana, ndipo ndimamufunsa kuti Warner akanakhala wosaoneka bwino, wokhala ku Chinamwali, wopanda nyumba yaikulu, ukanam'khululukira? Amaseka n'kusintha nkhani.

Pa mathero a mabukuwa ndi pomwe owerenga amaonekera mitima. Allegiant, buku lomaliza la Divergent, litatuluka mu 2013, anthu ambiri kunja anakwiya ndi Veronica Roth chifukwa Tris amafa. Mng'ono wanga naye anakhala tsiku lonse osandiyankhula, ngati ndinamupha ndine. Mockingjay nalo linakhumudwitsa ambiri. Prim, amene nkhani yonse inayambira pofuna kumupulumutsa, amafa ndi mabomba ofanana ndi amene Gale anathandiza kuwaganizira. Snow amagwa, koma mtsogoleri wa oukira, Coin, amayamba kale kukamba zoti pachitikenso masewera ena, ulendo uno ndi ana a ku Capitol. Katniss amalasa Coin m'malo mwa Snow, n'kubwerera kwawo ali munthu wosweka. Amakhala ndi Peeta, amabereka ana awiri, koma maloto oipa samusiya.

Mnzanga wa nkhuni uja anati Collins anam'namizira Gale. Mng'ono wanga anati ukwati wake unafunika kuoneka, ndi diresi lomwe. Msuweni wanga, mwa mwano wake, anavomera kuti za Coin ndiye zanzeru, ndipo anati aliyense amene waponyapo voti m'dziko muno kuyambira 1994 safunika kumufotokozera. Azakhali nditawauza, anangofunsa funso limodzi: "Anawo amawauza zimene zinachitika?" Ndinati bukulo limatha Katniss akuganizira m'mene adzawauzire. Anagwedeza mutu. "Sadzawauza zonse. Sitimatero."

Chimene chimandipweteka n'chakuti tinachita kudzera ku Panem kuti tifike pa nkhani ya pa khomo pathu. Olemba a kuno amene akuyang'ana m'tsogolo alipo. Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo Muthi Nhlema ndi Ekari Mbvundula alembapo nkhani zopeka za mtundu wodutsa malire a dziko lomwe tikulidziwa. Koma zimenezi zili m'Chingerezi. M'Chichewa, ambirife tinakumana ndi mabuku ngati Nthondo ndi Kukula ndi Mwambo, abwino ndithu, koma ofika kwa ife atavala yunifomu ya sukulu. Ndikulakalaka buku la m'Chichewa lomwe mtsikana wa Fomu 3 angabise pansi pa pilo. Mtsikana wake akhale wa ku Matawale, mu 1987 kapena mu 2087, zilibe kanthu. Nkhalango yake yoletsedwa ikhale phiri lathuli. Anyamata awiriwo akhalepo, sindikuwakana. Mmodzi agulitse tchipisi pa chiwaya, winayo akhale mwana wa munthu amene aliyense amatsitsa mawu akamadutsa.

Zipangizo zake zili m'nyumba zathu, ndipo eni ake akukalamba. Mukawafunsa kuti kunali bwanji nthawi ya chipani chimodzi, adzakupatsani yankho la pa wayilesi, lotamanda kapena lonyoza, malinga ndi mbali yawo. Yesani funso lina. Afunseni amayi anu kuti ankakumana kuti ndi bambo anu, kalata ankapatsira ndani, ndi mawu ati amene sankayerekeza kulemba m'kalatamo. Afunseni kuti ndi liti pamene anadziwa kuti munthu uyu sangawapereke. Musafunse muli chiimire ndi foni m'manja. Tengani lichero, khalani pansi, nyembazo zikhale zambiri.